Kuphunzira za vinyo m'mabuku uli ku Chipata: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwerabwera kuchokera kwa achinyamata osaka ntchito m'maloji a ku Mfuwe, kwa ogwira ntchito m'mabala ndi m'mahotela a m'tauni muno, komanso kwa anthu amene amaima pa shelefu ya vinyo m'sitolo, n'kuyang'ana mabotolo ambirimbiri, mapeto ake n'kunyamula lomwe lija ananyamula pa Khirisimasi yatha. Pafupifupi onse dandaulo lawo n'limodzi: mabuku alipo, koma analembera anthu a kumaiko ozizira, odya zina, onunkhiza zina. Akunena zoona. Komabe mabukuwo ali ndi phindu lalikulu kwa ife, bola tidziwe pofunika kuwamvera ndi pofunika kuikapo zathu.

Kodi za vinyo n'zophunzira m'buku? Si nkhani ya pakamwa imeneyi?

Ndi ya pakamwa ndithu, koma lilime silifotokoza chifukwa. Mukalawa vinyo wofiira n'kumva khambi likumanga m'kamwa, lilime lagwira ntchito yake, lathera pomwepo. Buku ndilo limakuuzani kuti khambilo lachokera ku makoko ndi njere za mphesa, kuti madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, amakhala oyera, ndi kuti kufiira kumabwera chifukwa opanga amasiya makoko m'madzimo pamene yisiti ikusandutsa shuga kukhala mowa. Mukadziwa zimenezi, vinyo wa pinki sakuzunguzaninso mutu. Makoko anakhalamo maola ochepa chabe n'kuchotsedwa.

Wongowerenga osalawa amaloweza mayina a ku France koma sangasiyanitse vinyo wa mphesa ya Chenin Blanc ndi wa mphesa ya Chardonnay zikaikidwa patsogolo pake. Wongolawa osawerenga amatha zaka akungonena kuti uyu ngwotsekemera, uyu ngwowawa. Werengani masamba awiri kapena atatu, galasi lili pambali, kope ndi cholembera zili pafupi.

Ndiyambe ndi buku liti?

Yambani ndi buku logwirizana ndi mabotolo amene mungawapezedi. Vinyo wochuluka amene amafika kuno kudzera mu Great East Road amachokera ku Western Cape ku South Africa. Buku lodzaza ndi midzi ya ku Burgundy, dera la vinyo la ku France, lingakusangalatseni, koma simudzapeza cholawa choti mutsimikizire zomwe likunena.

N'chifukwa chake ine ndimaika patsogolo Platter's South African Wine Guide. Analiyambitsa John ndi Erica Platter mu 1980, ndipo limatuluka chaka ndi chaka. Limandandalika opanga vinyo motsata alifabeti, aliyense ndi mavinyo ake, mawu ochepa ofotokoza kakomedwe, ndi nyenyezi zosonyeza ubwino wake. Mulinso mapu a madera monga Stellenbosch, Paarl, Robertson ndi Swartland. Wogwira ntchito ku loji atha kutenga mndandanda wa vinyo wa pamalopo, n'kufufuza botolo lililonse m'bukuli madzulo amodzi kapena awiri. Palibe buku lina limene lingamuchitire zimenezo.

Vuto lake n'lakuti Platter siliphunzitsa poyambira, limaganiza kuti mawu a ntchitoyi mukuwadziwa kale. Wongoyamba kumene amathandizidwa kwambiri ndi Wine Folly, la Madeline Puckette ndi Justin Hammack, lomwe linatuluka mu 2015. Lili ndi zithunzi zambiri ndi mawu ochepa, ndipo mtundu uliwonse wa mphesa uli ndi tsamba lake losonyeza kuwawasa, khambi, mphamvu ya mowa ndi fungo. Amene Chingerezi cha m'mabuku aakulu chimamutopetsa ayambe ndi limeneli.

Mabuku awiri akuluakulu abwere pambuyo. The World Atlas of Wine la Hugh Johnson linatuluka koyamba mu 1971, ndipo lotuluka kachisanu ndi chitatu, lomwe analemba ndi Jancis Robinson, linatuluka mu 2019. Mphamvu yake ndi mapu: mumaona kuti munda uli pamtsetse wotani, wayang'ana kuti, uli patali bwanji ndi nyanja. The Oxford Companion to Wine, lomwe Jancis Robinson anakonza koyamba mu 1994 ndipo linatuluka kachisanu mu 2023, ndi dikishonale. Sililowa m'thumba, si lowerenga kuchokera koyamba mpaka kumapeto, ndipo mtengo wake ngwokwera. Ndimaona kuti limeneli ndi la bwana kugulira antchito ake onse, lizikhala kuseri kwa bala. Loji imene imagulitsa botolo pa mtengo wa madola koma osagulira owetera ake buku limodzi ikudzimana yokha.

Mabukuwa ndiwapeza kuti? Nanga lakale lingandithandize?

Musayembekezere kuwapeza pakati pa mabuku a sukulu m'tauni muno. Tumani wopita ku Lusaka kapena ku Johannesburg, funsani m'maloji ngati pali Platter ya chaka chatha imene aiika pambali, ndipo musanyoze mabuku amene alendo amasiya akamabwerera kwawo. Pa intaneti, tsamba la Wine Folly ndi la Wines of South Africa ali ndi zambiri zaulere zowerenga pa foni.

Za buku lakale, zimatengera mtundu wake. Atlas ya zaka khumi zapitazo ikadali yabwino, phiri la Simonsberg la ku Stellenbosch silinasunthe. Buku lofotokoza kapangidwe ka vinyo nalonso silikalamba msanga. Limene limatha ntchito mwachangu ndi la chaka ndi chaka, chifukwa nyenyezi zake zinapatsidwa kwa vinyo wa chaka chakutichakuti, osati kwa dzina lokha. Komabe ngakhale Platter yakale imakuuzani mbiri ya wopangayo ndi kumene munda wake uli, ndipo zimenezo sizisintha kawirikawiri.

Buku likuti vinyoyu akununkhira blackcurrant, gooseberry ndi cherry. Zipatso zimenezi sindinazionepo. Ndiye nditani?

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, n'kumaganiza kuti mphuno yawo ili ndi vuto. Ilibe. Choyamba, m'botolomo mulibe zipatso zimenezo, muli mphesa zokha. Wolembayo akungofanizira ndi zomwe anakula akudya. Mphuno imazindikira zimene inakumana nazo kale, ndipo yathu inakumana ndi masuku, masau, bwemba, malambe, mateme, gwafa, mango ndi magalagadeya.

Chachiwiri, fungo lina lotchulidwa m'mabuku lilipo kale pamsika wa Kapata. Fungo lija la tsabola wobiriwira wosawawa mu Cabernet Sauvignon ndi Sauvignon Blanc limachokera ku timankhwala totchedwa pyrazine, tomwe tilinso mu tsabolayo. Dulani mmodzi, mununkhize, kenako mununkhize galasi. Fungo la tsabola wakuda wopera mu Shiraz limachokera ku rotundone, yemwenso ali mu tsabola wakudayo. Chenin Blanc wa ku Cape nthawi zambiri amanunkhira gwafa, Sauvignon Blanc magalagadeya, Pinotage wina nthochi yakupsa ndi kautsi. Vinyo wokhala m'migolo ya mtengo wa oak amatenga fungo la vanila, utsi kapena khofi.

Za khambi ndi kuwawasa, khitchini yanu ndi sukulu yokwanira. Thirani madzi otentha pa masamba a tiyi m'makapu awiri. Ina musefe pakapita mphindi imodzi, inayo ikhale mphindi khumi. Musathiremo shuga kapena mkaka. Zikazizira, gwirani ya mphindi khumiyo m'kamwa, muyendetse lilime ku nkhama ndi kuseri kwa milomo. Kuuma ndi kukhakhala kumene mukumvako ndiko mabuku amati tannin. Kenako finyirani ndimu m'madzi, mulawe, muweramitse mutu pang'ono milomo ili yotsegula, muone mmene malovu akudzadzira pansi pa lilime. Imeneyo ndi asidi. Vinyo akabweretsa malovu ambiri, asidi wake ngwochuluka. Anthu ambiri amasakaniza ziwirizi n'kungoti kuwawa, pamene china chimaumitsa m'kamwa, china chimanyowetsa.

M'kope mwanu lembani mizere iwiri. Kumanzere mawu a m'buku, kumanja mawu anu. Ngati buku lati dried fruit, kutanthauza zipatso zouma, koma inu mwamva masau ouma, lembani masau. Mlendo wa ku London mudzamuuza mawu a kumanzere chifukwa ndiwo akuwadziwa, koma a kumanjawo ndiwo adzakukumbutseni botololo pakapita miyezi. Ndipo alendo ambiri amasangalala kumva woperekera zakumwa akunena kuti vinyoyu ali ndi kuwawasa kwa bwemba, makamaka ngati bwembayo alipo kuti alaweko.

Pali chida china chothandiza, chojambula chozungulira cha mafungo chimene Ann Noble wa ku University of California, Davis anakonza m'zaka za m'ma 1980. Chimayamba ndi magulu akuluakulu pakati, monga zipatso, maluwa, zokometsera ndi mtengo, n'kumagawika potuluka kunja. Phindu lake kwa ife ndi maguluwo. Yambani n'kufunsa ngati fungolo ndi la chipatso kapena la masamba, ngati ndi chipatso chachiwisi, chakupsa kapena chouma. Dzina lenileni libwera lokha.

Nyenyezi ndi mapointi ndiwakhulupirire?

Pang'ono. Platter imapereka nyenyezi mpaka zisanu. Njira ya mapointi 100 inatchuka ndi Robert Parker wa ku America, amene anayamba kulemba nyuzi yake ya The Wine Advocate mu 1978. Zonsezi ndi maganizo a akatswiri olawa, pa tsiku lina, pa botolo losungidwa bwino. Zimathandiza kupewa vinyo wopangidwa mosasamala. Sizinena ngati inuyo mumukonda, komanso sizidziwa kuti botolo lanulo linakhala masabata angati padzuwa m'lole.

Dzina lotchuka nalonso limasokoneza akatswiri. Mu 1976 ku Paris, Steven Spurrier anakonza mpikisano wolawa mayina atabisidwa, ndipo oweruza a ku France anaika patsogolo mavinyo a ku California, wofiira ndi woyera yemwe. Nanunso mukamaphunzira ndi anzanu, kutani mabotolo ndi pepala, wina athire, dzina muone pambuyo.

Bwanji mabotolo ena amalemba mtundu wa mphesa, ena ayi?

Maiko akale a vinyo ku Ulaya amakonda kulemba dera, poganiza kuti wogula akudziwa mphesa ya kumeneko. Vinyo wa ku Chablis ndi wa mphesa ya Chardonnay. Burgundy wofiira ndi Pinot Noir. Sancerre woyera ndi Sauvignon Blanc. Chianti ndi Sangiovese makamaka, Rioja ndi Tempranillo makamaka. Champagne ndi dera la ku France kumene kumachokera vinyo wathovu wa dzina lomwelo, ndipo vinyo wathovu wa ku South Africa wopangidwa mwa njira yomweyo amatchedwa Cap Classique. Apa kulawa sikungakuthandizeni, n'zoloweza basi, ndipo ndi pamene buku limabweza ndalama zake.

Lebulo ya ku South Africa ndi yosavuta. Kuyambira mu 1973 ali ndi dongosolo la Wine of Origin. Mukaona W.O. Stellenbosch, mphesa zonse zachokera kumeneko. Akalemba mtundu umodzi wa mphesa, pafupifupi zonse, zosachepera 85 pa 100, ziyenera kukhala za mtunduwo. Shiraz ndi Syrah ndi mphesa imodzi. Steen ndi dzina lakale la Chenin Blanc, mphesa yobzalidwa kwambiri m'dzikolo. Pinotage ndi wawo weniweni: Abraham Perold anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut ku Stellenbosch mu 1925. Mlendo akafunsa cha ku Africa chenicheni pa mndandanda, nkhani imeneyi muikhale nayo pakamwa, pamodzi ndi yoti vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659.

Chaka cha pa lebulo ndi chaka chokolola mphesa, osati chothira m'botolo. Mlimi wa mtedza ku Katete amadziwa kuti munda womwewo, mbewu yomweyo, umabereka mosiyana chaka cha mvula yabwino ndi chaka cha ng'amba. Mphesa nazo n'chimodzimodzi. Ku Cape amakolola cha mu Febuluwale ndi Malichi, ku Ulaya cha mu Seputembala ndi Okutobala.

Dry ndiye kuti chiyani?

Ndi vinyo wosatsekemera, amene yisiti inadya pafupifupi shuga yense. Pa vinyo wathovu amalemba Brut. Akalemba semi-sweet kapena natural sweet, shuga wina anatsala dala. Kukonda wotsekemera si umbuli ayi. Vinyo wa ku Constantia ku Cape amene mafumu a ku Ulaya ankamulimbirana zaka 200 zapitazo anali wotsekemera.

Buku likuti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda. Ndi zoona kuno?

Ayi, ndipo pa malangizo onse a m'mabuku limeneli ndi limene lawononga mabotolo ambiri kuno. Chipinda chimene akunena ndi cha ku Ulaya, cha madigiri 15 mpaka 18. Chipinda cha ku Chipata mu Okutobala chimapitirira 30, ndipo kuchigwa cha Luangwa kutentha kumafika 40. Vinyo wofiira wotentha choncho amangomveka mowa wobaya pamphuno, fungo la zipatso litabalalika. Muikeni mu filiji kwa theka la ola musanatsegule, kapena mu ndowa ya madzi oundana kwa mphindi khumi. Woyera amakoma pa madigiri 7 mpaka 12. Tsatirani nambala ya madigiri, mawu oti chipinda aja muwasiye.

Kusunga ndiye nkhani yaikulu. Mabuku amanena za chipinda chapansi chozizira madigiri 12 kapena 13 chaka chonse, chimene ife tilibe, ndipo magetsi akamazimazima ngakhale filiji sidalirika. Pezani malo amdima, apansi, pakati pa nyumba, kutali ndi khitchini ndi khoma loombedwa ndi dzuwa la masana. Osaika pamwamba pa filiji kapena pa shelefu yoyandikana ndi malata. Botolo lotsekedwa ndi cork, chitsekerero cha khungwa la mtengo, ligone chammbali kuti chitsekererocho chisaume. La chivindikiro chopotokola likhoza kuima, ndipo musalinyoze, opanga abwino ambiri amagwiritsa ntchito chimenecho.

Pogula, yang'anani pakhosi pa botolo. Ngati cork yatukuka kupitirira mlomo, kapena pali madontho omata otsika m'mbali, botololo linapsa ndi kutentha panjira. Lisiyeni, ngakhale buku lilipatse nyenyezi zingati. Lotsegula kale limakhala masiku atatu mpaka asanu mu filiji litatsekedwa, lofiira lomwe.

Ndiye vinyo akamakalamba amakoma?

Ochepa okha. Wochuluka wa m'masitolo anapangidwa kuti amwedwe m'zaka ziwiri kapena zitatu. M'nyengo yathu ino, pa vinyo woyera ndi wa pinki sankhani wa chaka chaposachedwa.

Mabuku amanena za tchizi ndi nyama ya nkhosa. Nanga nsima ndi ndiwo zathu?

Siyani mayina a zakudya zawo, tengani chifukwa chimene akupereka. Asidi amatsuka mafuta m'kamwa. Mchere ndi mafuta a nyama zimafewetsa khambi. Tsabola wowawa amakuza kubaya kwa mowa ndi khambi, koma kutsekemera pang'ono kumamuziziritsa. Malamulo ake ndi omwewa.

Nsima payokha siilimbana ndi vinyo aliyense, amalamula ndi ndiwo. Chibwabwa kapena repu wotendera, wonona ndi nsinjiro, amafuna vinyo woyera wowawasa bwino ngati Chenin Blanc. Kapenta wokazinga ndi nsomba yowamba zimayenda ndi Sauvignon Blanc kapena wa pinki wosatsekemera. Vinyo wofiira wakhambi pa nsomba youma amasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa. Mbuzi yootcha pa makala ndi Shiraz kapena Pinotage, utsi ndi utsi zimamvana. Nkhuku ya kumudzi ya msuzi wa tomato imalola wofiira wopepuka woziziritsidwa pang'ono. Chikanda chothira tsabola chimakoma ndi woyera wotsekemera pang'ono. Awa ndi maganizo anga, yesani nokha, ndipo mukatsutsana nane lembani zanuzo. Palibe buku la ku London limene lidzalembe tsamba limeneli, tilemba tokha.

Ndalama zogulira mabotolo ambiri ndilibe. Ndingaphunzire bwanji?

Sonkheranani. Botolo wamba ndi mamililita 750, ndipo polawa mamililita 50 amakwana, ndiye botolo limodzi limatulutsa zolawa 15. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akagula mabotolo awiri pamwezi aphunzira zambiri kuposa munthu mmodzi womwa yekha sabata iliyonse. Gulani awiri oti mufananize nthawi imodzi, monga Chenin Blanc ndi Sauvignon Blanc, kapena Merlot ndi Shiraz. Kusiyana kumaoneka msanga magalasi akaima moyandikana. Mmodzi awerenge tsamba la mphesayo mokweza, aliyense alembe zake asanamve za mnzake, chifukwa woyamba akangoti gwafa, onse amva gwafa. Osabwera mutadzola mafuta onunkhira kwambiri, ndipo magalasi atsukidwe bwino asamveke sopo. Onse akhale a zaka 18 kupita m'tsogolo, monga lamulo la dziko lino likunenera.

Ine sindimwa mowa chifukwa cha chipembedzo, koma ndimagwira ntchito yoperekera zakumwa. Ndingathe?

Mungathe ndithu, ndipo simuli nokha. Mbali yaikulu ya chimene timati kakomedwe ndi fungo, ndipo kununkhiza si kumwa. Akatswiri enieni polawa amalavula m'kachitini, sangameze mavinyo makumi pa tsiku. Ngati chikumbumtima chanu sichilola ngakhale kuika pakamwa, dalirani maso, mphuno ndi buku, ndipo mufunse anzanu olawa za khambi ndi asidi, mulembe. Mlendo akakufunsani ngati munamulawa, nenani zoona, kenako mufotokoze zimene mukudziwa: mphesa, dera, chakudya chimene amayenda nacho. Bwana aliyense wanzeru sakakamiza wantchito kumwa.

Kodi pali satifiketi ya zimenezi?

Ilipo. Wine & Spirit Education Trust, mwachidule WSET, inakhazikitsidwa ku London mu 1969 ndipo mapepala ake amadziwika m'maiko ambiri. Gawo loyamba lili ndi mafunso 30 osankha yankho, lachiwiri 50, ndipo m'mayeso a magawo awiriwa mulibe kulawa. Kulawa kobisa dzina kumayamba pa gawo lachitatu. Ku South Africa kulinso Cape Wine Academy, yomwe inayamba mu 1979. Maphunzirowa ndi okwera mtengo kwa wolandira malipiro a woperekera zakudya, choncho yambani ndi buku ndi kope, ndipo mukaona kuti mtima ulipodi, pemphani abwana athandizepo.

Musaganize kuti njirayi ndi ya amene anabadwira pakati pa minda ya mphesa. Ntsiki Biyela anakulira kumudzi ku KwaZulu-Natal, anapita ku Stellenbosch University asanazolowere vinyo n'komwe, n'kudzakhala mkazi wakuda woyamba kupanga vinyo ku South Africa, ndipo lero ali ndi kampani yake ya Aslina. Anyamata anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anaphunzira ntchito yoperekera vinyo m'malesitilanti a ku South Africa, ndipo mu 2017 anaimira dziko lawo pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wolawa vinyo mobisa dzina ku France. Anakula akudya sadza, mbale wake wa nsima yathuyi.

Mabuku ena amati vinyo wofiira ndi wabwino ku mtima. N'zoona?

Musamwe ngati mankhwala. Mabuku akale ambiri anabwereza mawu amenewo, koma mu Januwale 2023 bungwe la World Health Organization linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tingati ulibe chiopsezo pa thanzi. Vinyo wamba ali ndi mowa wa pakati pa 12 ndi 14.5 pa 100, kuposa kawiri mowa wa m'botolo umene tinazolowera, ndipo wotsekemera amanyenga chifukwa amatsika mosavuta. Mayi woyembekezera asamwe. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto asamwe. Womwa mankhwala a kuchipatala afunse kaye adokotala.

Mlendo akabweza botolo ati lawonongeka, ndidziwa bwanji ngati akunena zoona?

Thirani pang'ono m'galasi loyera, mununkhize musanayankhe. Ngati likumveka ngati katoni yonyowa kapena chipinda chachinyezi chotsekedwa, ndi vuto la cork, lochokera ku mankhwala otchedwa TCA, ndipo si kulakwa kwa mlendo kapena kwanu. Ngati vinyo woyera wasanduka wofiirira ndipo akununkhira apulo wodula dzulo, mpweya unalowa. Ngati wofiira akumveka zipatso zophika zopanda moyo, anatenthedwa. Ngati akubaya ngati viniga, wasasa. Pa zonsezi pepesani, chotsani galasi lomwe, mubweretse botolo lina ndi galasi latsopano. Timiyala toyera tonga shuga pansi pa botolo kapena pa cork si vuto, ndi mchere wachilengedwe wa mphesa umene umaundana vinyo akazizira. Timaseche ta pansi pa wofiira wakale natonso si vuto, ingothirani mosamala.

Ngati botolo lilibe chilema koma mlendo sanalikonde chabe, imeneyo ndi nkhani ya bwana wa pamalopo, muitaneni mwaulemu. Botolo lowonongekalo musalikhuthule msanga. Litsekeni, mulembepo tsiku, ndipo ntchito ikatha muitane anzanu onse alinunkhize pambali pa botolo labwino la mtundu womwewo, wina atatsegula buku pa tsamba la zilema za vinyo.